Mpweya wa M'botolo

Ndinaganiza zochoka ku Phalombe chaka chomwe madzi osefukira anakokolola nyumba yathu pamodzi ndi bambo anga. Mwana wanga Tadala ndinamusiya m'manja mwa amayi, ine ulendo wa ku Dublin kukasamalira okalamba. Pochokapo n'kuti amayi atakhazikitsa lamulo loti pakhomo pathu pasapezeke wopondanso mumtsinje.

Ku Santry, dera la mu Dublin momwemo, ndinkakhala ndekha m'kachipinda. Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi, koma Lamlungu linkanditalikira moti ndinkafika poyankhula ndi ketulo. Msana utayamba kuvuta chifukwa chonyamula odwala, dokotala anati ndizisambira. Tangoganizani, ntchembere yonseyi kumaphiriphitha m'dziwe la ana! Manyazi ndinachita, koma sindinasiye.

Kenako Niamh, mnzanga wa kuntchito, anandikokera ku kalabu ya anthu olowa pansi pa nyanja atabereka mabotolo a mpweya. Tinkaphunzirira m'madzi ozizira ngati a mufiriji. Patapita zaka, gulu lathu linapita kunyanja yofunda, pa kachilumba komwe kale kanali phiri lophulika moto. Mbali imodzi ya dzenje lake inagumuka, nyanja n'kulowamo, ndiye mkatimo madzi ndi odekha ngati m'beseni. Nditatsika, nsomba zachikasu zinandizungulira, ndipo kamba wam'madzi anandiyang'ana ngati ndamulowera m'nyumba osaodira. Kunja kwa khoma la dzenjelo kunali phompho losaoneka pothera. Ndinayandama pamwamba pake ndikupuma pang'onopang'ono, ine mwana wa munthu amene anapita ndi madzi. Ndinadzinyadira kwabasi, koma kumudzi sindinauze aliyense.

Nditabwerera kwathu ndinapeza Tadala ali ku sekondale, koma akuopa ngakhale kuyang'ana pansi powoloka pamlatho. Zinandiwawa, chifukwa madzi aja amabwerabe dzinja likafika poipa. Ndinkafuna kumuphunzitsa kusambira, komatu mwana woleredwa ndi agogo ake sungangomutenga. Ndinalimba mtima n'kuwaonetsa amayi vidiyo yomwe anzanga anandijambula kuchilumba kuja.

"Ameneyu ndiwe, make Tadala?" anafunsa amayi, foni atayiyandikiza kumaso.

"Ndine, amayi."

"Nanga zala ukupindazi ndiye kuti chiyani?"

"Pansi pa madzi sitiyankhula. Ukatero ukufunsa mnzako ngati ali bwino, iyenso amayankha chimodzimodzi."

Ndinayembekezera kukalipiridwa.

"Ine pautsikana wanga ndinkawoloka mtsinje utadzaza," anatero amayi. "Amene sankatha kusambira ndi bambo ako. Ndinakuletsani ndi mantha basi."

Zaka zonsezi sindinkadziwa kuti ndinabadwa kwa katswiri.

M'mawa mwake tinapita atatu kudziwe la m'munsi mwa phiri. Tadala anandigwira mwamphamvu, n'kumiza mutu, kenako anavuuka akutsokomola. Titacheuka tinaona amayi ali chilili pamwala, atakweza dzanja, zala atazipinda. Tadala anapukuta kumaso, nayenso n'kupinda zake.