Madzi a gwafa amene ndinkawaphikira Ababa

Fungo la m'kamwa mwa Ababa ndinayamba kulimva m'mwezi wa Ramadani, kwathu ku Makanjira. Ndinagwada kuwapatsira madzi osamba m'manja nthawi yomasula kusala, iwo n'kundithokoza, mpweya wawo n'kundiwomba kumaso. Ndinadziuza kuti n'kusala basi, munthu amene sanadye tsiku lonse m'kamwa simununkhira. Koma Idi inadutsa, fungo osachoka. Linali lachilendo, ngati la nsomba yoiwalika m'bwato.

Tsono mwana wamkazi angawauze bwanji bambo ake kuti akununkha m'kamwa? Ndi pakamwa pangapa? Ayi ndithu. Amayi ndi amene akanatha kunena, koma anali atatisiya kale. Ndinkangoona anzawo osoka nawo ukonde akusendera kutali pang'onopang'ono Ababa akayamba kulankhula. Zinkandipweteka mtima, ndipo ndinkawakwiyira azibambo amenewo ngati kuti ine sindinkatembenuza nkhope.

Mayi wina woyanika usipa ndi amene anandiphunzitsa. Anati nditenge masamba anthete a gwafa, a nimu awiri atatu, kamchere pang'ono, ndiwiritse, ndisefe, munthuyo azichukucha m'mawa ndi madzulo. Ndinaphika. Ndinagwada pamaso pawo n'kuwapatsira kapu.

"N'chiyani chimenechi, mama?" anafunsa Ababa.

"Ndi mankhwala a chifuwa, Ababa. Musameze, mungochukucha n'kulavula."

"Mankhwala a chifuwa olavula?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anachukucha. Munthu wake sankatsokomola n'komwe.

Fungo linkazilala kwa kanthawi, ine n'kumadzitama kuti ndapeza nzeru. Ha, nzeru zake ziti! Nditawaona akutafunira mbali imodzi, ndinangowonjezera mchere. Anasiya mswaki wawo wa kamtengo, ati ukuwalasa. Tsiku lina ndinaona magazi pamene analavulira, ndinakwirira mchenga ndi phazi n'kupitiriza kusesa. Kenako anayamba kupempha phala masana. Miyezi inatha choncho, ine ndikungothyola masamba mpaka mtengo wa kuseri kwa nyumba unatsala nthambi zokhazokha.

Tsaya litatupa, achimwene anabwera kuchokera ku Katuli, anandikalipira kwambiri, ndipo m'mawa mwake tinakwera lole yopita ku boma. Msewu wake uja, lole ikagwa m'dzenje Ababa ankangogwira chibwano, osadandaula.

Kuchipatala adokotala anawaunika m'kamwa ndi tochi. Kenako anati kuseri kwa mano kuli chilonda chimene chakula kwambiri, tipite nawo ku chipatala chachikulu ku Blantyre. Nditaulula za madzi a gwafa, anati si oipa, amatsuka m'kamwa ndithu, koma chilonda chotere sangachipoletse. Tikanabwera kale.

"Fungoli linayamba liti?" anafunsa adokotala.

Ine maso pansi. Anayankha ndi Ababa, mawu akutuluka movutikira.

"Ramadani yapitayi. Mwana wangayu analimva tsiku lomwelo. Anabwera ndi bodza la chifuwa, ine ndinaopa kumuchititsa manyazi, ndiye ndinkangochukucha."

Ndinalira pomwepo, pamaso pa adokotala ndi achimwene, osaugwira mtima. Ababa anandigwira dzanja, koma nkhope anayang'anitsa kukhoma kuti mpweya wawo usandifike.

Ramadani yotsatira sanaione. Mtengo wa gwafa uja unaphukanso, umabereka bwino, koma ine zipatso zake sindidya.