Mwana Wanga ndi Seva ya ku Tauni

Mwana wanga wachiwiri, wamkazi, anabadwira pa kachipatala ka kwathu, kuseri kwa Nsaru, chaka chomwe anayamba kulemba ana obadwa pa kompyuta. M'mawa mwake ndinalowa kwa akalaliki kuti atilembe tizipita. Amayi anga, omwe ankandidikirira, anali atamanga kale mapoto m'chitenje.

"Dzina la mwana?" anafunsa akalaliki.

"Alibe. Mchombo sunagwe."

Kwathu mwana satchulidwa dzina asanatuluke m'chikuta, ndipo uyu womutchula anali alamu anga a ku Msundwe, alongo awo a bambo a kunyumba. Woyamba uja anamutchula akwathu, alamuwo nkukhala chaka chathunthu osaponda pakhomo panga. Sindinkafuna zichitikenso.

Akalaliki anadumpha malo a dzinawo nkudina batani. Kompyuta inangoyera mbee, pamwamba nambala 500. Anati seva yakana, ndipo sevayo ndi kompyuta ina yaikulu ya ku tauni yomwe imalandira zonse zolembedwa pano.

Anazimitsa nkuyatsanso. 500. Ananyamula kabokosi ka netiweki kukakaika pa chulu. 500. Amayi anati mwina chinthucho chatenthedwa, nkuyamba kuchikupiza ndi chivundikiro cha poto, akalaliki osawaletsa. Kenako akalalikiwo anayesa mwana wa mayi wina, wamwamuna, wobwera ndi dzina lokonzeratu. Zinadutsa. Atabwerera kwa ine, 500.

"Kodi mayi, inuyo ndi seva munayambana?"

Anaimbira bambo wina wa ku tauni wosamala sevayo, nkukweza mawu a foni kuti tonse tizimva. Bamboyo anati akuwerenga m'kaundula momwe seva imalemba madandaulo ake.

"Pulogalamu ikafika pa dzina nkupeza palibe kanthu, ikumakomoka. Mwanayo ndani?"

"Palibe akudziwa, achimwene," anatero akalaliki.

"Ingomupatsani lililonse, longoyembekezera!"

Amayi anawerama pafonipo. "Bambo, inu lanulo linali longoyembekezera?"

Bamboyo anausa moyo, nati akonza sabata lomwelo. Tinapita kwathu opanda pepala.

Mchombo unagwa. Alamu anabwera pa kabaza, anamuyang'ana mwana nthawi yaitali, nkumutchula dzina labwino ndithu. Lolemba tinanyamuka tonse kupita kuchipatala, chifukwa ankafuna akalinene okha ndi pakamwa pawo.

Tinapeza pepala losindikiza kale. Bambo wa ku tauni uja anakonzadi: tsopano pulogalamu ikapeza popanda dzina sikomokanso, imangotola la mwana woyandikana naye m'kaundula. Mwana wanga anali ndi dzina la mnyamata uja.

"Wamutchula dzinali ndi ndani?" anafunsa alamu.

"Seva, mayi," anayankha akalaliki.

"A Sevawo ndi akuchikazi kapena akuchimuna?"

Funsolo alamu ankafunsa akalaliki, koma maso ali pa ine. Ndinalumbira kuti kwathu kulibe munthu wotere, nditatchula amalume anga onse mmodzimmodzi mpaka omwalira. Anakhulupirira pang'ono chabe, atawaona akalaliki akulemba dzina lawo lija pa fomu yosinthira, zilembo zikuluzikulu, iwo ataima kumbuyo kwa mpando.

Fomuyo inapita ku tauni. Mwana tsopano akukwawa. Alamu amabwera kwathu, amadya, koma asanakhale pansi amafunsa kaye ngati a Seva abweza dzina. Ndimati tikudikira. Ku sikelo akaitana dzina la mnyamata lija timanyamuka awiri, ine ndi mayi uja, ndipo tinagwirizana kuti aziyamba iwo popeza dzinalo ndi lawo.