Masitepe a Bambo Lonzie

Bambo Lonzie Crenshaw ndakhala nawo moyandikana kuyambira ndili mtsikana, kuno kwathu ku Alabama, ndipo munthu wamakani ngati iwo sindinamuonepo. Ntchito yawo inali yopenta nyumba, koma mtundu wa penti ankasankha ndi iwo, osati mwini nyumba. Ine ndinapempha wobiriwira, anandipakira wachikasu. Nditadandaula anangoti, "Verlene, wobiriwira ndi wa anthu a kapinga wabwino pakhomo. Taona wakoyu." Nyumba yanga idakali yachikasu.

Yawo anamanga okha, pamalo otsetsereka. Kumbuyo inagunda pansi, kutsogolo inakwera m'mwamba, ndi khonde lalikulu ndi masitepe otakata a matabwa otsikira kumsewu. Akaweruka ankakhala pakhondepo ndi tiyi wozizira m'manja, kumapatsa moni aliyense wodutsa n'kumuuzanso cholakwika pa denga lake.

Kenako sitiroko inawagwira mbali yakumanzere. Mayi a kunyumba kwawo anali atatisiya kale, mwana wawo ali kutali ku Detroit, ndiye anakathera kunyumba yosamalira okalamba. Malowo sanali oipa, ndisaname. Koma kumeneko munthu umasamba pamene ena afuna, umadya pamene ena afuna. Lamulungu lililonse ndikatuluka m'tchalitchi ndinkawapititsira mlamba wokazinga ndi chigumu. Poyamba ankalongolola za penti wa m'chipinda, kuti anapaka ndi munthu wodana ndi amayi ake. Pakupita kwa zaka analeka. Tsiku lina ndinawaputa dala kuti ndikufuna kupaka nyumba yanga wobiriwira, iwo n'kungoti, "Chabwino." Ndinalira njira yonse yobwerera.

Amene anawatulutsa ndi mtsikana wina wa ku boma, Shondra Bell, wamfupi, woyenda ngati wasiya mphika pamoto. Anafotokoza kuti boma lili ndi thandizo la okalamba ofuna kubwerera kwawo: bedi lokwera ndi kutsika, zogwirira kubafa, munthu wobwera m'mawa uliwonse kudzawasamalira, ndi kamlatho ka matabwa koti njinga yawo ya olumala izikwerapo polowa m'nyumba.

"Boma lake lomweli?" anafunsa Bambo Lonzie. "Landikumbukira liti?"

"Lakukumbukirani lero, bambo. Mukufuna kapena ndipite kwa ena?"

"Tamuonani mwanayu, pakamwa ngati lumo. Ndikufuna."

Kamlathoko anakhoma ndi kalipentala wachizungu, Travis Holcomb, munthu waulemu wake ndi wa ntchito yooneka. Anayeza kutsogolo n'kuona kuti khonde latalika kwambiri, kamlatho kakanathera pakati pa msewu. Ndiye anakakhoma kukhomo lakumbuyo, kumene nyumba inagunda pansi. Tonse tinakayamikira. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anaganiza kawiri.

Tsiku lobwera, amayi a kutchalitchi tinaphika ngati ukwati. Abusa anabwera, Travis anabwera kudzaona ntchito yake ikugwira. Galimoto yowabweretsa inafika, inadutsa masitepe, n'kukhotera kuseri. Atawatsitsa ndi njinga yawo, Shondra anagwira kuti akankhe.

"Ima kaye, mwana wanga. Ukupita nane kuti?"

"M'nyumba mwanu, bambo."

"Khomo ili ndi lakumbuyo."

Ife akuluakulu tinayang'anana, manyazi atatigwira. Bambo Lonzie anakula nthawi imene munthu wakuda sankalowera kutsogolo kwa nyumba ya mzungu, ngakhale kumalo odyera, ngakhale kwa dokotala. Ankazungulira kuseri, chipewa m'manja. Lamulo litasintha, iwo analumbira kuti khomo lakumbuyo sadzalowanso. Ngakhale popenta, mwini nyumba akati alowere kukhitchini, ankanyamula zitini zawo n'kumapita. Tinkadziwa tonse, koma tinaiwala.

Shondra anagwada pambali pa njinga. "Bambo, kutsogolo sizingatheke. Mukakana, galimoto iyi ikubwezani. Bedi lanu kuja sanapatse wina, koma ine sindikufuna mukagonenso pamenepo."

"Nanenso sindikufuna."

Abambo a kutchalitchi anati awanyamule ndi njinga yomwe, akwere nawo masitepe.

"Ndine thumba la chimanga ine? Nanga mawa ndikafuna kutuluka, ndidzaimbe belu la tchalitchi kuti mubwere?"

Ine mtima unandipsa. "Bambo Lonzie, nyumba ndi yanu, makomo onse awiri munakhoma nokha! Akukuzungulitsani ndani? Nkhuku ikuzizira m'katimu, inu muli pano kuchita makani ndi matabwa!"

"Verlene, nkhuku yako ija ngakhale yotentha imalimba. Khala chete ndiganize."

Anthu anaseka. Woyendetsa galimoto anali atayamba kale kusuzumira wotchi. Ndinachita mantha kwambiri, chifukwa Bambo Lonzie ndimawadziwa: akanatha kukweranso galimoto ija n'kukafera kumene kuja, osabwerera m'mbuyo pa mawu awo.

Kenako Bambo Lonzie anaitana kalipentala.

"Iwe Travis, ukabwera kudzandiona, udzalowera kuti?"

Travis anakanda m'mutu. "Kutsogolo, bambo. Ndidzagogoda."

"Nanga abusa?"

"Kutsogolo," anayankha abusa, monyadira ndithu.

"Mwamva? Alendo kutsogolo, mwini nyumba kuseri. Zomwe zija." Anapumira m'mwamba. "Zida zako zili m'galimoto?"

"Zilimo, bambo."

"Kagwetse masitepe aja. Onse. Pamene atsekukapo ukhomepo kampanda, ndingadzagubuduke ndi njingayi."

Ndinatsala pang'ono kuwaletsa. Masitepe amenewo anapala okha, ndipo chaka chilichonse ankawapaka penti asanapake china chilichonse. Mayi a kunyumba ankasendera nyemba pamenepo. Shondra anayang'ana kumwamba ngati akufufuza lamulo loletsa, n'kunena kuti nyumba ndi yawo.

Anawakankhira kumsewu kuti aonerere. Travis anayamba ndi thabwa lapamwamba, misomali ikulira pozuka. Bambo Lonzie sanaphethire. "Pang'onopang'ono iwe, ameneyo ndi mtengo weniweni, si makatoni mumagula masiku anowa." Misozi inali ikutsika tsaya limodzi, iwo osaipukuta, ifenso tinachita ngati sitikuiona.

Thabwa lomaliza litagwa, tonse tinazungulira kuseri. Pakamlatho paja abusa anapatuka kuti mwini nyumba atsogole.

"Ayi. Alendo ayambe. Travis, tsogola. Vula chipewa, ukulowa m'nyumba ya munthu."

Travis anavula chipewa n'kulowa. Abusa analowa, amayi analowa ndi mbale zawo, Shondra analowa, inenso ndinalowa. Tinaima m'khitchini mothithikana, tikuyang'ana kukhomo. Bambo Lonzie anakana wowakankha. Anapalasa okha ndi dzanja limodzi ndi phazi limodzi, njinga ikukhotakhota, thukuta lili kamukamu, mpaka mateyala anadutsa pakhomo.

Anayang'ana uku ndi uku, anapuma, n'kunena ndi mawu amene ndinali nditawaiwala kukula kwake: "Takulandirani nonse. Khalani pansi, muli kwa Crenshaw."