Chinaka cha Adokotala

Fungo la chinaka chikamapsa, lija la nsinjiro ndi chidulo, limandibwezera ku Katowo, chaka chimene mvula inachedwa kusiya. Ndipo limandiwiritsabe mtima.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Amayi ankatilera ndi chinaka basi. Ankakwera kuphiri ndi kakhasu kawo, kukumba timizu tonga timbatata pansi pa maluwa a m'dambo, kusinja, kuphika, n'kumagulitsa mabenthu pamsika. Dambolo ankalidziwa okha, ndipo sankakumba monse. Ankasiyako tina kuti tidzaphuke.

Kenako kunabwera dokotala wa ku Mangalande, wamtali, wamphuno yosupuka ndi dzuwa. M'mawa ankaona odwala, masana ankatola maluwa n'kumawapanikiza m'manyuzipepala. Anandichiritsa chilonda cha pamwendo chimene chinandinunkhitsa miyezi itatu. Amayi anati munthu wotere sathokozedwa ndi pakamwa pokha. Anaphika chinaka chabwino koposa, n'kundisenzetsa m'mbale yovindikira.

Anadya mabenthu awiri bambo ameneyu, mpaka kunyambita zala, akubwereza mopotoka zikomo wa Chitumbuka uja, yewo chomene. Atafunsa kuti n'chopangidwa ndi chiyani, amayi monyadira anamutengera kudambo kuja. Ndinawatsatira. Dokotalayo anagwada m'matope, anazula maluwa asanu ndi mizu yomwe, nalemba malowo m'kabuku kake.

Pasanathe sabata alonda a nkhalango anawapeza amayi pomwepo. Anawalanda khasu ndi thumba, nawayendetsa kudutsa pamsika anthu akuonerera. Ati maluwa aja ndi osowa padziko lonse, adokotala apempha kuti atetezedwe. Osowa! Nanga asanu aja anazulidwa ndi mphepo?

Ndinathamangira kwa adokotala ndikulira. Ndinapeza akumanga katundu, maluwa athu ali gone m'manyuzipepala.

"Mwanawe, ndikuteteza duwa, si kuti ndikudana ndi amayi ako," anatero, akundipatsa switi.

Ndinaiponya m'matope.

Nthawi imeneyo ndinkaona ngati ndi munthu wabodza amene anadya za amayi n'kuwagulitsa. Lero ndikudziwa kuti sankanama, duwalo ankalikondadi, ndipo ndi pomwe pamandipweteka kwambiri. Anafunsa dzina la duwa, dzina la dambo, ngakhale dzina la udzu wa m'mbali mwake. Sanafunse kuti n'chifukwa chiyani duwalo linali likadalipo pamalo pamene mayi mmodzi anakumba zaka makumi awiri.

Chipsera cha pamwendo ndikadali nacho, chinapola bwinobwino. Amayi sanakwerenso phiri lija mpaka kumwalira.