Mapiritsi otsitsa chitetezo amene ndinasiya kumwa

Nkhani iyi sindinaimve kwa munthu, inachitika m'thupi langa lomweli, ndipo amene anandiona masiku amenewo ku Area 25 akhoza kundichitira umboni. Ine sindine wolankhulalankhula, sukulu ndinalekezera sitandade 7, koma ndaona kuti ndikapitiriza kukhala chete wina adzagwa pomwe ndinagwa ine.

Zinayamba mwana wanga wamkazi ali ndi miyezi isanu. M'mawa zala zinkauma moti pofinya matewera ndinkachita kulira, tsitsi linkatsalira m'chipeso, kenaka pamasaya ndi pamphuno panada ngati ndapsa ndi nthunzi. Mukudziwa mmene timalankhulira potunga madzi, ena ankati ndapsa ndi mafuta oyeretsa khungu, ena n'kumanong'onezana kuti ndi matenda aja. Ndinayezetsa katatu, katatu konse sanandipeze ndi kachilombo. Nanga chinali chiyani?

Nditazungulira miyezi yambiri, kuchipatala chachikulu anandiuza kuti ndi lupasi, dzina limene ndinali ndisanalimvepo. Adokotala, amene panja anali ndi mzere wautali, anandipatsa mapiritsi n'kunena kuti ntchito yake ndi kutsitsa chitetezo cha m'thupi, ndisamadumphitse, komanso ndizipewa dzuwa. Anandifunsa ngati ndili ndi funso. Funso ndinali nalo, lalikulu ndithu, koma ndinangoyang'ana pansi n'kupukusa mutu.

Kunyumba ndinkaswera ndi apongozi anga, popeza bambo a mwanayu amalawirira ku fodya ku Kanengo. Ndi mayi opemphera, ondikonda, musawaganizire zoipa. Atamva zoti mankhwalawo amatsitsa chitetezo anagwira pakamwa. Anati iwo kwawo kumpoto anaika m'manda ana awiri chifukwa cha chitetezo chotsika, ndiye ndi dokotala wanji wotsitsa chinthu chimene dziko lonse likulimbana n'kukweza? Anati mwina ndinamva molakwa, kapena ndinakumana ndi aja ophunzira kumene. Kunena zoona, inenso mumtima ndinkaganiza zomwezo, ngakhale zala zinali zitayamba kumasuka.

Anandigulira ufa wobiriwira wa m'botolo, uja amatsatsa m'maminibasi kuti umakweza chitetezo, mapiritsi aja n'kuwaika pamwamba pa kabati. M'mawa uliwonse ankandiyalira mphasa pabwalo kuti ndiwothere dzuwa, ati mafupa ouma amafuna kutenthedwa. Mawu a adokotala ndinkawakumbukira bwinobwino, koma ndikanayambira pati kutsutsa munthu wamkulu amene akukusambitsira mwana ndi kukuphikira phala? Inu mukanatero? Ndinkakhala padzuwapo mpaka nkhope yonse kuyabwa.

Patatha miyezi iwiri mkodzo unayamba kuchita thovu ngati muli sopo. Ndinabisa, ndinkachita manyazi. Miyendo ndi nkhope zinatupa, apongozi n'kumauza anzawo akutchalitchi kuti ufa uja wagwira ntchito, ine ndayamba kubwerera m'thupi.

Tsiku lina masana ndikuchokera kumsika, mwana ali kumsana, mutu unandipweteka ngati ukung'ambika ndipo m'maso munada. Ndinagwada pamsewu pomwepo kuti ndimutsitse msanga ndisanamugwere, koma zala zinakana kumasula mfundo ya chitenje. Ndinkamumva akulira kukhosi kwangaku, ine ndikungopalasa mfundoyo, kuyesa kukuwa mawu osatuluka, ndikudziwa kuti ndikagwa chagada ndimupha. Amene anamuchotsa ndi mayi ena ogulitsa tomato. Zotsatira sindikuzidziwa, akuti ndinagwa n'kuyamba kuphupha.

Ndinatsitsimukira kuchipatala. Patapita masiku, adokotala ena achizimayi anakhala m'mphepete mwa bedi langa n'kundifunsa ngati ndinaonapo munthu akukuwidwa kuti wakuba mumsika. Anati m'magazi mwathu muli asilikali oteteza thupi, koma amayendera kukuwa. Thupi limatulutsa tinthu ting'onoting'ono tonyamula uthenga woti mdani ali apa, thamangani, ndipo aliyense womva amakuwiranso mnzake. Kwa munthu wabwinobwino kukuwako kumatha mdani akagonja. Kwa ine sikutha, ndipo amene akumenyedwa si wakuba ayi, ndi khungu langa, mafupa anga, impso zanga. Dzuwa likawotcha khungu kukuwako kumakula, ndipo mapiritsi aja ntchito yake inali kutontholetsa phokosolo basi.

Ndinawafunsa, kanali koyamba m'moyo wanga kufunsa dokotala, ngati impsozo zidzachira. Anati gulu likabalalika, womenyedwa uja sadzuka mmene analili.

Papita zaka zitatu tsopano. Impso zikugwira ntchito pang'ono, ndipo paulendo uliwonse wa kuchipatala amandiuza kuti zatsikanso, tsiku lina ndidzayamba kutsukidwa magazi ndi makina ngati malo adzapezeke. Za mwana wachiwiri anandiletsa. Amene ndili nayeyu sindingathe kumunyamula, akamasewera pabwalo ndimamuonera pawindo. Apongozi anabwerera kumudzi, tikaimbirana foni amangolira, ine n'kumawauza kuti ndili bwino.

Pano ndimakhulupirira kuti palibe anandilodza, ndipo apongozi sindiwasungira mlandu, iwo ankaopa maliro achitatu. Chinandidyera impso ndi manyazi anga, amene ndinkayesa kuti ndi ulemu. Si matenda onse obwera chifukwa chitetezo chatsika, ena amabwera chifukwa chalusa. Choncho amayi anzanga, dokotala akanena mawu okuimitsani mutu, musadzuke pampandopo musanamvetse, ngakhale apanja ang'ung'udze bwanji, ndipo mankhwala asakusiyitseni munthu, ngakhale wokukondani. Ine kwanga kunatha kale. Ndimangopempha Mulungu kuti ndidzamuperekezeko mwanayu tsiku loyamba sitandade 1, zopitirira apo ndinasiya kupempha.