Mphindi Zitatu za Mayi Dlamini

Fungo la palafini wa hita yowothera limandibwezabe ku holo ija ya ku Berea, pamwamba pa shopu ya matayala, komwe Amalawi tinkapempherera. Inali nyengo ya chisanu cha ku Joni, chija cholowa mpaka m'mano, ndipo amayi ankabwera atadzikulunga m'mabulangete ngati odwala malungo. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Lamulungu ndikukumbukiralo sindinapiteko kukapemphera, ndinapita kukaba luso.

Kusukulu, aphunzitsi athu a Chingerezi, Mayi Dlamini, ankafuna mwana mmodzi wokayimira kalasi pa mpikisano woyankhula pagulu. Aliyense ankapatsidwa mphindi zitatu, zikatha belu linkalira. Ine malowo ndinkawafuna ndi mtima wonse, ndipo ndinkadzidalira. Bambo anga ankasamalira maluwa ku Fourways, koma pakati pa Amalawi anali nkhoswe yodziwika, ndipo ndinakula ndikuwaona akuyankhula pa zinkhoswe. Ndiye tsiku loyesa ndinachita monga iwo. Ndinaomba m'manja mwaulemu, n'kupinda mawondo pang'ono, n'kuyamba kuthokoza. Ndinathokoza aphunzitsi aakulu, omwe panalibe n'komwe. Ndinathokoza Mayi Dlamini, makolo otitumiza kusukulu, kenaka anzanga mzere ndi mzere. Belu linalira ndisanatchule ngakhale mutu wa nkhani.

Kalasi yonse inafa nalo phwete. Manyazi anandigwira mpaka ndinalakalaka pansi patang'ambika. Mayi Dlamini, akupukuta misozi yoseka, anati Lachisanu lotsatira ndidzayesenso komaliza, koma sabata imeneyo anzanga ankandiombera m'manja paliponse ndikadutsa, ngakhale pamzere wa kuchimbudzi.

N'chifukwa chake m'holo muja ndinatchera khutu. Abusa Chirwa ankabangula mpaka mawindo kunjenjemera, thukuta lili kamukamu m'chisanu chonsecho, anthu akukuwa ameni. Ndinati eya, njira ndi imeneyi. Koma potsika masitepe ndinamva amayi awiri akufunsana kuti vesi ija inali iti, ndipo onse sankadziwa. Ndinayeserabe kubangulako m'fuleti mwathu, ndipo pofika Lachiwiri mawu anali atasasa, mayi woyandikana nafe atagogodanso kufunsa ngati ndikumenyedwa. Alembi a mpingo, a Mbewe, iwo ankawerenga zolengeza papepala, maso osadzutsa. Palibe ankasokoneza tsiku kapena malo a msonkhano, koma theka la mpingo linkasinza.

Bambo anamva za belu lija akutsuka nsapato zawo zamatope. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Iwe Tadala, kwathu wotchi ndi dzuwa, ndipo munthu usanamulonjere sangakumvere," anatero. "Koma kuno ku Joni aliyense akuthamangira tekisi. Alonjere kamodzi basi, uwapatse zomwe wawatengera."

Mphunzitsi weniweni ndinam'peza m'khitchini mwathu. Amayi anga, omwe pa misonkhano sankatsegula pakamwa, ankafotokozera anzawo awiri za ulendo wawo woyamba wa pabasi wobwera ku Joni, ine ndili m'mimba. Sanayambe ndi moni. Anayambira pakati penipeni, basi itawasiya pachipata cha malire. Mawu anali otsika, moti anzawowo anasendeza mipando, tiyi n'kuzizira m'makapu. Vuto lawo linali limodzi, nkhani yawo sinkadziwa kwawo, inkapatukira kwa azakhali ndi mitengo ya zitenje. Ndinaitenga nkhaniyo, n'kuilemba mwadongosolo ngati zolengeza za a Mbewe, n'kuiloweza pamtima.

Lachisanu ndinaimirira kutsogolo kwa kalasi. Ndinaomba m'manja kamodzi kokha, ena n'kuyamba kale kuseka. Ndinawayang'ana m'maso, n'kunena motsitsa kuti amayi anga anaona basi yawo ikuchoka ali ndi pasipoti m'manja ndi mwana m'mimba. Chiseko chinazima. Mawu ndinakweza pamalo amodzi pokha, pomwe amayi ankathamangira basi akukuwa, ndipo mnyamata wina wa kumbuyo anadzidzimuka n'kugwetsa rula. Nditamaliza, Mayi Dlamini anayang'ana wotchi, n'kuyang'ana ine.

"Hawu, Tadala! Ukayimira kalasi ndiwe," anatero.

Ndinathamanga kuchokera kusukulu mpaka kufuleti, chisanu osachimva, ndikufuula pa masitepe onse kuti ndawina. Chimwemwe cha tsiku limenelo sindinachionenso kufikira lero.

Pa nthawiyo ndinkaganiza kuti ndagonjetsa kayankhulidwe ka bambo, kuti moni wautali uja ndi wa anthu osadziwa nthawi. Ndinadzazindikira ndili wamkulu, pa chinkhoswe changa, pomwe akuchimuna ndi akwathu anafika atakwiyirana, osayang'anana n'komwe. Bambo anaimirira, n'kutchula aliyense ndi mfunda wake, mmodzimmodzi, mosafulumira. Pomwe ankafika pa nkhani yeniyeni, anthu aja anali akugawana kale mphasa.