Buku la Amayi m'Jekete la a Malume

Chotupa cha m'bere la amayi ndinayamba kuchiona ndine, tikusamba titaweruka kokumba kachewere kwathu ku Tsangano. Chinali cholimba ngati nthudza yosapsa. Kuchipatala cha paboma anatitumiza ku Lilongwe, ndipo dokotala wa kumeneko sanapsatire mawu. Anati ndi khansa, koma tafika nthawi yabwino. Analemba tsiku la opaleshoni m'buku la amayi la kuchipatala, ife n'kubwerera kumudzi kukakonzeka.

Kwathu munthu sapita kumpeni mwini mbumba asanamve. Mwini mbumba wathu anali a malume, mlongo wawo wa amayi, amene anatha unyamata wawo wonse kumigodi ya ku Joni. Masiku amenewo anali atalowa m'gulu logulitsa mankhwala achilengedwe, ndipo ankayenda ndi chikwama chakuda ngati abusa.

Anafika Loweruka masana, n'kundandalika mabotolo atatu pamphasa. Lina munali ufa wobiriwira, lina madzi owawa, linalo masamba ouma.

"Achemwali, mpeni umakwiyitsa khansa," anatero. "Akangokudulani, imamwazikira thupi lonse. Ine ndaona anthu akudzuka ndi izi."

Anapempha buku lija, analiwerenga akupukusa mutu, kenaka analilowetsa m'thumba la jekete.

"A malume, adokotala anati tisachedwe," ndinatero ine.

Amayi ananditsina pantchafu. "Iwe, ukufuna kuposa malume ako? Mawu a akuluakulu amakoma akagonera."

Ndinatseka pakamwa. Kutseka pakamwa kumeneko ndimadana nako mpaka lero.

Tsiku la opaleshoni linadutsa amayi akupalira nyemba. Ufa uja ndinkasungunula ndine m'kapu, m'mawa ndi madzulo, ndi manja angawa. Amayi ankamwa atatsinzina, n'kuthokoza kuti ali ndi mlongo wodziwa zinthu. Chotupa chitaphulika, a malume anabwera kudzaona, ndipo anasangalala. Anati ndi poizoni akutuluka ameneyo, n'kusiya botolo lachinayi.

Mvula ina itayamba, amayi sankathanso kunyamula khasu. Ndinapita kwa a malume n'kukhala pakhonde osasuntha mpaka anandipatsa buku. Ku Lilongwe dokotala yemwe uja anayang'ana tsiku limene analemba, anandiyang'ana ine, kenaka anatipatsa mankhwala oletsa ululu basi. Amayi anatisiya chimanga chikumasula. Pamaliro a malume analankhula m'malo mwa banja, akupukuta misozi, kuti tinayesetsa.

Ndipo ine, chitsiru ine, ndinawakhulupirira. Ndinkati analakwa, inde, koma analakwa chifukwa chokonda mlongo wawo. Ndinkawatengerabe mbatata yoyamba kukumba.

Patapita zaka ziwiri, ndinamva pamsika kuti akazi awo a malume apezeka ndi chotupa chomwecho. Ndisanakonze n'komwe ulendo wokawazonda, ndinamvanso kuti ali kale kuchipatala ku Blantyre. Sabata sinathe. A malume anagulitsa ng'ombe tsiku limodzi, n'kukwera nawo basi okha.

Akazi awowo atatuluka m'chipatala, ndinapita kukawaona. Ndinawapeza pakhonde akutong'ola chimanga, bere limodzi palibe, koma akuseka ndi adzukulu. Ndinawapatsa moni ndi mtima wonse, chifukwa iwo sanandilakwire. Chikwama chakuda chija chinali pakhomo pomwepo, chodzaza, chikudikira ulendo wa kumsika wa ku Bwanje.

A malume anandiperekeza mpaka pakhola. Pamenepo ndinafunsa.

"A malume, bwanji awa simunawamwetse mabotolo aja?"

Anayankha msanga, ngati ndawafunsa njira ya kuchigayo.

"Awa ndi a eni ake, mwana iwe. Akanatisiya ali m'manja mwanga, alongo awo ndikanawayankha chiyani?"

"Nanga amayi?"

"Amayi ako anali anga."

Anatembenuka n'kuyamba kukonza mtanda wa pakhola. Ndiye kuti ankadziwa. Ankadziwa kuyambira tsiku lija anaika buku m'jekete, ndipo ankadziwanso pamene ankapukuta misozi pamaliro. Ndinachoka osatsanzika, ndipo pakhomo pawo sindinapondeponso.

Buku lija ndimalisunga m'sutikesi, tsiku la opaleshoni likuonekabe bwinobwino. Amayi anapita chifukwa panalibe munthu woti a malume amuope. Munthuyo ndikanakhala ine, koma ndinangotsinidwa pantchafu kamodzi, n'kukhala chete.